Za Masewero a Nthano a pa Kanema, ndi Zimene Mphunzitsi wa Chichewa Angatolepo

Mphunzitsi amene adzatumizidwe ku sukulu za ku Area 24 mu mzinda wa Lilongwe, kapena ku Area 23, ku Kawale ndi ku Biwi, sadzatha sabata asanaone tinyumba tamalonda m'mene anyamata amaunjikana madzulo mozungulira wailesi ya kanema. M'tinyumbamo simuonetsedwa filimu ayi. Muli makina otchedwa PlayStation, ndipo awiri amene alipira ndiwo amagwira zoyendetsera zake, zimene iwo amazitcha mapadi, pamene anzawo aimirira kumbuyo kuwalangiza ndi kuwachemerera. Sewero lofala m'malo otere ndi la mpira. Aliyense amalitcha FIFA, ngakhale eni ake, a kampani ya Electronic Arts, analisintha dzina m'chaka cha 2023 nalitcha EA Sports FC. Sewero limenelo silisowa kulifotokoza, pakuti mwana aliyense amene anakankhapo mpira wachikulunga pabwalo amadziwa kale malamulo ake.

Koma pa makina omwewo pamaseweredwanso mtundu wina wa masewero, umene suoneka kawirikawiri m'tinyumba timeneti, chonsecho ndiwo umene uli pafupi ndi ntchito ya mphunzitsi wa Chichewa. Masewero amenewa ndi nthano. Ali ndi chiyambi ndi mathero, ali ndi ngwazi, adani ndi mabwenzi, ndipo munthu sangawatsirize tsiku limodzi. Kusiyana kwake ndi nthano za agogo n'kwakuti womvera ndiye amayendetsa ngwaziyo, ndipo nthanoyo imaima pena ndi pena kudikira kuti iye aweruze mlandu. Akaweruza, nthano siiwala chiweruzo chakecho.

Dzina lalitali la masewerowa

Pa Chingerezi mtundu umenewu uli ndi dzina lalitali, science fiction action role-playing game, ndipo dzinali lili ndi mbali zitatu zoyenera kuzimasula.

Mbali yoyamba ikunena nthano za sayansi, ndizo nthano zimene zodabwitsa zake sizichokera kwa mizimu kapena kwa asing'anga, koma ku makina ndi nzeru zimene anthu alibe lero, koma wolemba akuganiza kuti angadzakhale nazo m'tsogolo. M'nthano yakale mfiti imauluka pa lichero, ndipo palibe wofunsa kuti licherolo limayenda bwanji. M'nthano ya sayansi munthu amauluka pa chombo chopita ku nyenyezi, ndipo wolemba amayesetsa kufotokoza kayendedwe ka chombocho, ngakhale kufotokozako n'kongopeka. Mbali yachiwiri ikunena za nkhondo: wosewera amaloza, kuwombera ndi kubisala ndi zala zake zomwe, pa nthawi yomweyo adani akumuukira, kotero kuti waulesi wa zala amagonja.

Mbali yachitatu ndiyo mutu wa nkhani, ndipo Mchewa aliyense wokulira kumudzi amaidziwa, pakuti ndi masanje. M'nyengo ya masika, anthu atakolola, ana amamanga tinyumba ta mapesi kumbali kwa mudzi; wina akhala atate, wina amai, wina mfumu, winanso fisi wodzaba chakudya. Palibe amene anawalembera mawu oti anene, komatu malamulo alipo: fisi salankhula ngati mfumu, ndipo amene wasankhidwa kukhala amai sangasiye mphika pamoto kukasewera phada. Mwana amavala umunthu wa wina, nayesa kuganiza monga mwini umunthuwo. Ku America, m'chaka cha 1974, Gary Gygax ndi Dave Arneson anatulutsa sewero lotchedwa Dungeons & Dragons, limene tinganene kuti ndi masanje a akuluakulu ochitikira pa tebulo. Munthu mmodzi amasimba nthano, ena natenga mbali za ngwazi. Mphamvu ndi nzeru za ngwazi iliyonse zimalembedwa ndi manambala papepala, ndipo manambalawo amakwera pamene ngwaziyo ipambana m'mayesero. Makompyuta atafala, anatenga ntchito ya wosimba uja pamodzi ndi ya kusunga manambala, ndipo masewero a lero anabadwira pamenepo.

Nthano ya Shepard

Chitsanzo chodziwika cha mtundu umenewu ndi Mass Effect, sewero lopangidwa ndi kampani ya BioWare ya mu mzinda wa Edmonton ku Canada. Linatuluka m'magawo atatu: loyamba m'chaka cha 2007, lachiwiri mu 2010, lachitatu mu 2012, ndipo mu 2021 magawo onse atatu anakonzedwanso natulutsidwa pamodzi kuti aseweredwe pa PlayStation 4, pa Xbox One ndi pa kompyuta.

Nthano yake iyambira m'chaka cha 2183. Akuti zaka 35 zisanafike nthawiyo anthu anapeza mabwinja a mtundu wakale wotchedwa Prothean pa dziko la Mars, ndipo nzeru zimene anatola m'mabwinjamo zinawatsegulira njira ya ku nyenyezi. Kumeneko anakapeza kuti sali okha. Mu mlalang'amba muli mitundu ina ya zolengedwa zanzeru, yokhala ndi bwalo lake la akuluakulu pa mzinda waukulu woyandama mlengalenga wotchedwa Citadel, ndipo anthu a dziko lapansi ndi alendo obwera mochedwa, amene eni mudzi amawayang'ana cham'mbali. Ngwazi ya nthanoyi ndi msilikali wotchedwa Shepard, mkulu wa chombo cha Normandy. Iye atulukira kuti pali makina amoyo, aakulu koopsa, otchedwa Reapers, amene amabwera zaka 50,000 zilizonse kudzafafaniza mitundu yonse yotukuka, ndi kuti nthawi yawo yakwananso. Akuluakulu a pabwalo samukhulupirira. Ntchito yake m'magawo atatu onse ndiyo kugwirizanitsa mitundu yodana kuti ithe kulimbana ndi mdani mmodzi.

Sewero lisanayambe, wosewera amaumba Shepard wake. Amasankha ngati akhale mwamuna kapena mkazi, amakonza nkhope yake, namusankhira mbiri ya ubwana: kapena anakulira m'zombo ndi makolo asilikali, kapena anabadwira ku dziko lakutali limene achifwamba analiwononga, kapena anali mwana wamasiye wokulira m'misewu ya mizinda ya dziko lapansi. Mbiri yachitatuyi siifunika kuimasulira kwa mwana wa ku Lilongwe, amene amaona anzake otere pa mlatho wa mu tauni. Atatero wosewera amasankhanso luso la nkhondo mwa maluso asanu ndi limodzi, ndipo nthano iyamba.

Ntchito ya wosewera ili pawiri. Nthawi zina ali ku nkhondo, atatenga anzake awiri a m'chombo, kubisala kuseri kwa zipupa ndi kuwombera. Akapambana alandira mapointi owonjezera mphamvu za Shepard ndi za anzakewo. Nthawi zina akuyenda m'mizinda ndi m'chombo kucheza ndi anthu, ndipo apa ndiye pali zimene mphunzitsi ayenera kuziyang'anitsitsa. Munthu wa m'nthano akalankhula kwa Shepard, pansi pa kanema pamaoneka kachizungulire kolembedwa mayankho angapo. Kawirikawiri yankho la pamwamba ndi laulemu ndi lachifundo, la pansi ndi laukali, ndipo a kumanzere ndi mafunso ofufuzira nkhani. Wosewera asankha limodzi, Shepard nalinena mokweza, winayo nayankha monga mwa zimene wamva. Wosewera wozolowera kuyankha mwachifundo amapata luso la kunyengerera; wozolowera ukali amapata luso la kuopseza; ndipo pali zitseko zina zimene zimatseguka kwa yekhayo amene luso lake lakwanira.

Mlandu wa a Krogan

Kuti chinthuchi chimveke bwino, n'koyenera kutsata mlandu umodzi kuyambira pachiyambi mpaka kumapeto.

Mwa mitundu ya m'nthanoyi muli a Krogan, zimphona zankhondo za ku dziko la Tuchanka. Kalekale mitundu ina itapanikizidwa ndi adani, a mtundu wa Salarian anapatsa a Krogan zida ndi zombo kuti awamenyere nkhondo. A Krogan anapambana. Koma pokhala obereka kwambiri anachuluka, nayamba kulanda maiko a anzawo. Pofuna kuwaletsa, a Salarian anapanga nthenda yotchedwa genophage, ndipo a mtundu wa Turian anaiwaza pa iwo, kotero kuti mwa mimba 1,000 imodzi yokha ndiyo inkabala mwana wamoyo. Nkhondo inatha, koma mtundu wonse unasanduka wa anamfedwa. Ndani analakwa? Amene analanda maiko, kapena amene anawapatsa zida, kapena amene analanga ana osabadwa chifukwa cha zochita za makolo awo?

M'gawo loyamba Shepard ali ndi mnzake wa mtundu umenewu, dzina lake Wrex. Pa dziko la Virmire apeza kuti mdani wawo Saren ali ndi mankhwala a nthenda ija, ndipo akuwagwiritsa ntchito kudzipangira gulu la nkhondo. Malowo ayenera kuphulitsidwa, ndiye kuti mankhwala omwe apsera pomwepo. Wrex akwiya natulutsa mfuti. Ngati wosewera anakulitsa luso la kulankhula, kapena ngati kale anadzipereka kuthandiza Wrex kukapeza chovala cha nkhondo cha makolo ake, amatha kumuziziritsa mtima. Apo ayi Wrex aphedwa pa gombe pomwepo. Pa Virmire pomwepo palinso chiweruzo china chowawa: asilikali awiri a Shepard, Ashley Williams ndi Kaidan Alenko, apanikizidwa malo awiri osiyana, ndipo nthawi ikwanira kupulumutsa mmodzi yekha. Apa palibe luso kapena chenjerero lopulumutsira onse awiri. Wotsalayo amafa, ndipo saonekanso m'magawo otsatira.

Tsono wosewera akatsiriza gawo loyamba, makina amasunga zigamulo zake zonse, ndipo poyamba gawo lachiwiri ndi lachitatu amatha kuzitengera kumeneko. M'gawo lachitatu Shepard asowa thandizo la a Krogan, ndipo iwo akana kumenya nkhondo pokhapokha nthenda ija itachizidwa. Ngati Wrex ali moyo, ndiye mfumu yawo, wofuna mtendere. Ngati anaphedwa pa Virmire, mpando uli ndi mbale wake Wreav, wa mtima wobwezera. Mtsogoleri wa a Salarian abwera kwa Shepard mseri, namulonjeza zombo za nkhondo ngati angawononge mankhwalawo mwachinsinsi, a Krogan naganiza kuti achira pamene sanachire. Wosewera akavomera chinyengochi pamaso pa Wreav, Wreav sazindikira. Akachichita pamaso pa Wrex, Wrex adzachitulukira pambuyo pake, nabwera kudzafunsa mnzake amene anam'khulupirira. Ndipo kukumanako kumathera m'mwazi. Amene anagula gawo loyamba mu 2007 anadzakolola mu 2012 zimene anafesa pa gombe la Virmire. Akuluakulu anati mlandu suwola, ndipo opanga seweroli, ngakhale sanamvepo mwambiwo, anamanga ntchito yawo pa maziko omwewo.

Pano pakuoneka kuti masewero amenewa ali ndi chibale ndi bwalo la milandu la kumudzi koposa ndi nthano ya pamoto. M'nthano ya Kamdothi omvera amadziwa kuti mvula idzagwa ndi kuti mwana wadothi adzasungunuka. Amavomera nyimbo, amati tili tonse, koma palibe mmodzi yemwe amene angathe kum'fikitsa pakhomo. Mphamvu ya nthanoyo ili pomwepo, pakuti chisoni chake n'cha onse ndipo sichisintha. Pabwalo la mfumu zinthu n'zosiyana. Mfumu ndi nduna zake amamva mbali zonse, amagamula, ndipo mawa lake amakumana ndi ogamulidwawo pa chitsime ndi pa maliro. Wosewera Mass Effect amakhala pa mpando wotere. Koma amakhalapo yekha, popanda nduna, ndipo ichi ndi chilema chimene nthano ya pamoto ilibe.

Malire a ufulu wa wosewera

Mphunzitsi asanyengeke kuganiza kuti wosewera amalemba nthano yake. Yankho lililonse la pa kachizungulire kaja linalembedwa kale ndi olemba a BioWare, amene mtsogoleri wawo m'gawo loyamba anali Drew Karpyshyn, ndipo linanenedwa kale ndi akatswiri a zisudzo. Mawu a Shepard wamkazi ndi a Jennifer Hale, a wamwamuna ndi a Mark Meer. Wosewera amangosankha njira pa mphambano zimene ena analambula.

Masamu ake ndi osavuta. Mphambano imodzi ya njira ziwiri ibala nthano ziwiri. Mphambano zitatu zotsatana zibala nthano 8. Mphambano khumi zibala 1,024. Palibe gulu la olemba limene lingalembe zonsezo. Chotero olemba amachita monga tinjira ta kudambo, timene timapatukana pozungulira chulu kenaka n'kukumananso. Wrex akafa, Wreav alowa m'malo mwake, ndipo ulendo wa ku Tuchanka uchitikabe. Chosintha ndi nkhope, mawu ndi kulemera kwa mlandu, osati msewu waukulu wa nthano. Luso la olemba lagona pa kubisa pokumana pa tinjirato.

Pamene lusolo linaperewera, osewera anaona msanga. Gawo lachitatu litatuluka mu March 2012, anthu ambiri anadandaula kuti mathero ake anali pafupifupi amodzimodzi kwa aliyense, ngati kuti zigamulo za zaka zonsezo zinalibe ntchito. Dandaulo linakula mpaka mu June chaka chomwecho kampani inatulutsa mwaulere chowonjezera chotchedwa Extended Cut, chofotokoza bwino zimene zinagwera mitundu ndi mabwenzi a Shepard. N'chachilendo kuti omvera abweze wosimba kuti akakonze mathero a nthano yake. Komabe mwana aliyense amene anamvapo agogo akudumpha chigawo cha nthano yodziwika amadziwa kuti omvera sakhala chete.

Chifukwa chake ku Area 24 masewerowa ndi osowa

Zifukwa zake si za nzeru za ana ayi, koma za nthawi, za magetsi ndi za chilankhulo.

Mwini kanyumba ka magemu amapeza ndalama mwa kusinthasintha osewera. Mpikisano wa mpira umatha m'mphindi zowerengeka, umalowetsa anthu awiri pa kanema mmodzi, ndipo wogonja amafuna kulipiranso kuti abweze. Sewero la nthano limatenga munthu mmodzi, ndipo gawo limodzi la Mass Effect limadya maola oposa 20 kwa wosewera wosathamanga. Ndiponso limafuna kuti zimene wosewera wachita lero zisungidwe m'makina kuti mawa adzayambire pomwepo. Pa makina ogwiridwa ndi aliyense, zosungidwazo wina angathe kuzifufuta kapena kuzipitiriza, nagamula milandu ya mwini wake mwini wakeyo ali ku sukulu. Magetsi nawo ali ndi mbali yawo. Akazima pakati pa mpira chotayika n'chochepa. Akazima pakati pa nkhondo yaitali wosewera abwerera pamene makina anasunga komaliza. M'chaka cha 2022, namondwe wa Ana atawononga damu la Kapichira pa mtsinje wa Shire mu January, dziko linataya mphamvu ya magetsi pafupifupi mamegawati 130 kufikira chaka chotsatira, ndipo kuzima kwa maola ambiri kunali kwa tsiku ndi tsiku m'makwalala a Lilongwe. Chotero masewero a nthano amapezeka makamaka m'nyumba za anthu, pa PlayStation kapena pa laputopu ya mkulu wina wa pabanja.

Chopinga chachikulu ndi chilankhulo. Mass Effect anaimasulira m'zilankhulo zingapo za ku Ulaya, koma m'Chichewa mulibe. Mpira usowa mawu ochepa. Nthano yotere yadzala ndi zokambirana za Chingerezi chothamanga, ndipo yankho la pa kachizungulire ndi mawu atatu kapena anayi amene munthu ayenera kumva tanthauzo lake ndi mzimu wake womwe. Mwana wosamva Chingerezi angathe kuwombera adani bwinobwino, koma pofika pa gombe la Virmire adzangodina batani, Wrex nafa, iye osadziwa chimene wapalamula.

Koma apa pomwe ndi pamene wophunzira za chilankhulo ayenera kutchera khutu. Pamene mmodzi akusewera ena akuonerera, womva Chingerezi amasanduka womasulira, monga amachitira aja otanthauzira mafilimu m'Chichewa amene ntchito zawo zimaonetsedwa m'mavidiyo a m'makwalala. Womasulira wotere satsata liwu ndi liwu. Amafupikitsa, amawonjezera nthabwala, amafanizira zachilendo ndi za kwawo, ndipo pofika pa chigamulo oonerera onse amalowerera, wina kuti m'khululukire, wina kuti ameneyo ndi mthirakuwiri. Wosewera wa ku Canada amagamula yekha; wa ku Area 24 amapezeka ali ndi nduna, ndipo mlandu wolembedwa m'Chingerezi umazengedwa m'Chichewa. Mawu obwereka monga gemu, padi ndi kuseva alowa kale m'kamwa mwa ana, namvera malamulo a Chichewa: gemu imodzi, magemu awiri, ndaseva, sunaseve, adzaseva. Mphunzitsi sayenera kuwanyoza mawu otere, pakuti sukulu, buku ndi tebulo analowa pa khomo lomwelo.

Kuti masewero otere angapangidwe mu Africa muno si maloto ayi. M'chaka cha 2016 kampani ya Kiro'o Games ya ku Yaoundé m'dziko la Cameroon, yotsogozedwa ndi Olivier Madiba, inatulutsa Aurion: Legacy of the Kori-Odan, sewero la nkhondo ndi nthano lonena za mfumu yachinyamata yolandidwa ufumu ndi mlamu wake, imene mphamvu zake zimachokera kwa makolo. Si nthano ya sayansi, koma kamangidwe kake n'ka mtundu womwewo.

Zimene mphunzitsi angachite

Choyamba chiyenera kunenedwa mosabisa: Mass Effect si sewero la ana a pulaimale. Bungwe la ESRB, limene limaika misinkhu pa masewero ku America ndi ku Canada, linagamula kuti magawo onse atatu ndi a anthu a zaka 17 ndi kupitirira, chifukwa muli kuphana, mawu otukwana ndi zachikondi za akuluakulu. Mphunzitsi asalitengere m'kalasi, ndipo makolo akam'funsa awauze kuti pa chikuto cha sewero lililonse pali chizindikiro cha msinkhu, chimene ambiri sachiyang'ana. Ngati mwana ayamba kujomba kapena kusinza m'kalasi chifukwa cha magemu, mlandu wake ndi wofanana ndi wa wojomba chifukwa cha vidiyo kapena mpira, ndipo uzengedwe chimodzimodzi.

Chimene mphunzitsi angatole ndi kamangidwe kake, kamene sikafuna magetsi. Ana ambiri polemba chimangirizo cha Chichewa amandandalika zochitika monga mikanda pa ulusi: kenaka, kenaka, kenaka. Chimene chimasowa ndi chifukwa, ndiko kuti chochitika cha m'ndime yachitatu chibadwe kuchokera ku cha m'ndime yoyamba. Nthano ya mphambano imaphunzitsa chimenechi mosavuta, makamaka kuyambira Sitandade 5 kumka m'tsogolo, pamene ana atha kulemba ndime zingapo.

Mphunzitsi atenge nthano yodziwika, monga ya Kalulu amene anakana kukumba chitsime m'chaka cha chilala, nayamba kuba madzi mwa kunyenga alonda, kufikira Kamba anam'gwira. Aisimbe monga mwa masiku onse, ana akuvomera, koma pofika pamene Kalulu waimikidwa pamaso pa nyama zonse, aime. Afunse kalasi kuti Njovu igamule chiyani, ndipo alole ana kutsutsana, aliyense akupereka chifukwa chake m'ziganizo zathunthu. Pa bolodi alembe zigamulo ziwiri zokha, mwachitsanzo kum'pirikitsa Kalulu m'dziko, kapena kum'khululukira koma akumbe chitsime china yekha. Kalasi ligawidwe pawiri, ndipo gulu lililonse lilembe ndime yotsatira monga mwa chigamulo chake.

Tsiku lina mphunzitsi abweretse vuto latsopano lofanana kwa magulu onse awiri: alenje atchera ukonde pa njira ya ku chitsime, Njovu yakodwa, ndipo nyama yokhayo yodziwa kumasula mfundo zotere ndi Kalulu. Apa ndi pokumana pa tinjira tija. Gulu limene linam'pirikitsa liyenera kulemba za kum'funafuna ndi kum'pepesa, ndipo liganize kuti atumidwe ndani, ndi kuti Kaluluyo adzayankha motani. Gulu limene linam'khululukira lili naye pafupi, koma liganize ngati iye ali woyamika kapena wosunga mangawa chifukwa cha matuza a m'manja. Pochonga, mphunzitsi ayang'ane kalembedwe ndi zizindikiro za m'kaundula monga mwa nthawi zonse, koma malikisi ochuluka apite kwa mwana amene ndime yake yachiwiri ikukumbukira ndime yoyamba. Wolemba kuti Kalulu anathamanga mokondwa kukapulumutsa Njovu imene inam'pirikitsa dzulo, popanda kufotokoza chifukwa, abwezeredwe kope lake kuti akawonjezere chifukwacho.

Mphambano zisapitirire ziwiri pa nthano imodzi. Ziwiri zibala mathero anayi, amene angakwanire pa bolodi limodzi ndipo angawerengedwe mokweza m'phunziro limodzi. Yachitatu ikawonjezedwa mathero akhala 8, ndipo m'kalasi lalikulu la ku Area 24 belu lidzalira magulu ena asanawerenge zawo.